Botolo Lachinayi

Mu ofesi ya a Bonifasiyo Kamtedza
mvula imagwa m'kompyuta, osanyowetsa munthu.
Mzinda wa Tete anaudula m'timagawo:
apa malata, apa phula, apa dothi lomwa madzi.
Akadina batani, makina amalosera
litsiro limene lidzatsikire ku Zambezi,
ndipo mzere wake umatuluka wosalala
ngati msana wa mlamba.

Ine ntchito yanga ndi kunyowa.

Miyezi isanu ndi iwiri dzuwa lakhala likukazinga Matundo.
Fumbi la malasha logwa m'malole a ku Moatize
lagona m'mphepete mwa msewu.
Oyilo wa pa galaja ya Zakeyu walowa m'mchenga,
ndowe za mbuzi zauma kuseri kwa msika,
zonse zili chete, kudikira wozinyamula.

Inabwera usiku, nthawi itangodutsa thu koloko.
Njinga yamoto inakana kulira kawiri,
ndinafika pakamwa pa ngalande madzi oyamba atapita kale.
Amenewo palibe adzawadziwe.
Tochi m'kamwa, ndodo m'manja,
ndinatunga kasanu ndi kamodzi,
kulemba nthawi pachivundikiro ndi zala zonjenjemera.
Loyamba lofiirira. Lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi.
Ndiye kumtunda kunamveka phuu!
ngalande inatsokomola,
majumbo, zitini, nsapato ya mwana,
ndipo lachinayi linadzaza madzi akuda bii,
fungo lake lokhala pa lilime mpaka mawa.

Ku labotale nambala yake inaposa ulosi kasanu ndi kanayi.

A Bonifasiyo anavula magalasi.
Dorotiya, kodi botololi unalitsuka?
Anasuntha nambala ya mmene litsiro limaunjikira,
anasunthanso ya mmene mvula imalikokolera,
pang'ono uku, pang'ono uko,
monga munthu wosaka siteshoni pa wailesi yakale.
Ndi mabotolo asanu mzere unagwirizana bwinobwino,
unadutsa pa madontho onse ngati ulusi pa mikanda.
Akabwezera lachinayi, mzere unkapenga:
ukalifikira ilo, enawo unkawataya m'munsi.
Tilichotse, anatero. Lalakwika.

Ndinali pompo, ndinawauza.
Fili koloko, mphindi khumi ndi ziwiri.
Makina anuwa akudziwa kutsetsereka kwa msewu,
akudziwa kukula kwa payipi iliyonse,
koma palibe anawauza kuti ngalande imatha kutsekeka,
nkusunga mpweya chilimwe chonse
kenako nkulavula zonse kamodzi.

Sindinanene za mayi Lukiresiya
amene amatsuka mbale pansi pa ngalandeyo kusanache,
mwana kumbuyo, mapazi m'madzi.
Pa mapu palibe kagawo kawo.
Koma lipoti likanena kuti pano mpoyera,
ndalama ya sefa ipita kwina,
ndipo cholakwacho chidzalembedwa pa khungu lawo.

Anakhala chete nthawi yaitali.
Chopepera cha kudenga chinkangozunguza kutentha komweko.
Kenako anatenga cholembera chofiira
nkuzunguliza dontho lija, osalifufuta.
Botolo limodzi silisenza denga, anatero.
Mwina wanena zoona, mwina chala chako chinali ndi girizi.
Ndibweretsere ena khumi, a mvula zosiyana,
ya mawawa, ya mkuntho, ya pambuyo pa ng'amba,
tione ngati makina aphunzire kapena ndiwe uphunzire.

Zinandiwawa, poti sananame.

Tsopano mzere uja uli pakhoma, sunamalizidwe,
dontho lofiira lili lokha pamwamba pake.
Njinga ndakonzetsa kwa Zakeyu yemweyo,
ndinaima ndikuyang'ana oyilo wanga
akudontha, akulowa m'mchenga.
Majombo ndimagona ali pakhomo,
mabotolo khumi ndatsuka katatu katatu,
ndipo madzulo ano kuseri kwa mlatho
mitambo yayamba kuda.